Mlandu suola, koma ya anthu aulumali ikuolera panjira

Mtsikana wosamva komanso wosalankhula akagwiriridwa kumudzi, ulendo wake wofuna chilungamo umayamba ngati wa wina aliyense. Mayi ake amabwereka ndalama ya kabaza n'kupita naye kupolisi, komwe amawalozera ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Wapolisi amatulutsa pepala ndi cholembera n'kufunsa funso lomwe amafunsa aliyense wodzadandaula: chidachitika n'chiyani?

Apa ndi pomwe ulendo wa mtsikanayu umasiyana ndi wa anzake. Iye akudziwa chomwe chidachitika, akumudziwa yemwe adamuchita chipongwe, ndipo akhoza kuloza ngakhale malo ake. Koma akayamba kufotokoza ndi manja, wapolisi amangoyang'ana mayi aja, nawonso mayiwo amanena zomwe akuganiza kuti mwana wawo akunena. Zomwe zimalembedwa papepala zimakhala mawu a mayi, omwe sadaone chilichonse. Fayilo yotere ikafika m'manja mwa woimira boma pamilandu, sipatenga nthawi kuti aone kuti umboni ndi wosakwanira, ndipo woganiziridwa uja amabwerera kumudzi komwe kuli mtsikanayo.

Akuluakulu adati mlandu suola. Koma milandu yambiri yokhudza anthu aulumali, kaya iwo ndi odandaula, mboni kapena ozengedwa mlandu, imaolera panjira isadafike pa chigamulo. Chomwe chikusowa kwenikweni si malamulo ayi, koma munthu woima pakati kuti waulumali amve zomwe zikunenedwa, nayenso amvedwe, komanso ndalama yolipirira munthu ameneyo.

Malamulo alipo

Pa pepala, dziko la Malawi silili kumbuyo. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino, omwe adayamba kugwira ntchito mu 1994, limaletsa kusala munthu pa zifukwa zosiyanasiyana, ndipo ulumali umatchulidwa mwachindunji. Gawo 41 limapereka ufulu kwa aliyense wokadandaula kubwalo la milandu ndi kulandira thandizo loyenera. Gawo 42 ndiye limafika pa mtima penipeni pa nkhaniyi. Limati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chinenero chomwe amamva, auzidwenso kuti ali ndi ufulu wokhala chete, asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Likupitiriza kuti mlandu uzengedwe m'chinenero chomwe wozengedwayo amamva, ndipo zikakanika pakhale womasulira wolipidwa ndi boma.

Mu 2009 dziko lino lidavomereza pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2006. Gawo 13 la panganoli limalamula maiko kuti asinthe kayendetsedwe ka milandu molingana ndi zosowa za munthu waulumali, kuyambira pa kufufuza kwa apolisi mpaka m'khoti, komanso kuti apolisi, ogwira ntchito m'makhoti ndi oyang'anira ndende aphunzitsidwe. Gawo 12 limati munthu waulumali ndi munthu wathunthu pamaso pa lamulo, ndipo ngati akufunika thandizo kuti apange chisankho, apatsidwe thandizolo m'malo momulanda ufulu wosankha.

Mu 2012 aphungu a Nyumba ya Malamulo adavomereza lamulo la Disability Act. Mu 2024 padabwera lamulo latsopano la Persons with Disabilities Act, lomwe lidalowa m'malo mwa la 2012 pamodzi ndi lakale la 1971 lija lidabala bungwe la Macoha. Bungweli tsopano lidasanduka Macoda, ndipo lidapatsidwa udindo woona kuti zomwe lamulo likunena zikutsatidwa.

Ngakhale lamulo lakale loyendetsera milandu, la Criminal Procedure and Evidence Code, silitsekera anthu aulumali kunja. Limati munthu aliyense akhoza kukhala mboni pokhapokha ngati khoti laona kuti sangathe kumva mafunso kapena kuyankha zomveka. Limalolanso mboni yosalankhula kupereka umboni polemba kapena ndi manja m'khoti momwemo. Mu 2010 lamuloli lidasinthidwa ndipo lidapatsa makhoti mphamvu, pa milandu yogwiririra, yotulutsa anthu ongodzamvera, kuika chotchinga pakati pa wodandaula ndi wozengedwa mlandu, kapena kulola wodandaula kukhala ndi m'bale kapena mnzake pafupi popereka umboni.

Funso nlakuti, ngati malamulo onsewa alipo, chikulakwika n'chiyani?

Si anthu ochepa

Ena amaganiza kuti nkhaniyi ikukhudza anthu owerengeka chabe. Kalembera wa anthu wa mu 2018 adaonetsa zosiyana. Mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 1.5 miliyoni, kapena kuti 10 mwa anthu 100 alionse, adali ndi vuto la kuona, kumva, kuyenda, kulankhula kapena lina lotere. Mwa anthu amenewa, pafupifupi theka adali ndi vuto la kuona, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse adali ndi vuto la kumva. Kalembera yemweyo adapeza anthu achialubino okwana 134,636.

Ambiri mwa anthuwa amakhala kumudzi, kutali ndi polisi komanso khoti, ndipo ambiri ndi osauka. Munthu wankhanza amadziwa zimenezi. Akamasankha wochita naye zoipa, amasankha yemwe akudziwa kuti sangathe kukuwa, sangathe kuthawa, sangamuzindikire nkhope, kapena yemwe anthu sangamukhulupirire. Mlandu umodzi ukafera kupolisi chifukwa chosowa womasulira, uthenga womwe umafika kumudzi ndi woti mwana wosamva kapena wa nzeru zochedwa ndi munda wopanda mpanda.

Kupolisi, komwe mlandu umabadwira

Mlandu uliwonse umayambira pa sitetimenti. Zomwe zalembedwa tsiku loyamba ndi zomwe woimira boma amamangirapo mlandu, ndipo ndi zomwe loya wa wozengedwa mlandu amafufuzamo zolakwika. Sitetimenti ikalembedwa molakwika, zimavuta kukonza m'tsogolo.

Popeza omasulira chinenero chamanja ophunzitsidwa bwino ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ambiri amapezeka m'mizinda, apolisi amadalira achibale. Zimaoneka ngati nzeru, koma zili ndi mavuto ake. Nkhanza zambiri zogwiririra zimachitidwa ndi munthu wapafupi: bambo omupeza, malume, mlamu kapena woyandikana nawo nyumba. M'bale yemwe wapemphedwa kumasulira akhoza kukhala yemwe akufuna kuteteza dzina la banja, kapena yemwe amadya m'manja mwa woganiziridwayo. Ngakhale m'baleyo akhale woona mtima, mtsikana sangamasuke kufotokoza za kumaliseche pamaso pa bambo ake kapena mlongo wake. Ndipo m'khoti, loya wochenjera sangachedwe kunena kuti womasulirayo ali ndi mbali.

Pali vuto linanso lomwe ambiri salidziwa. Si munthu aliyense wosamva amene amadziwa chinenero chamanja cha Malawi. Chinenerochi ana amachiphunzira akakumana ndi anzawo, makamaka m'sukulu za ana osamva monga Maryview ku Chiradzulu, Mua ku Dedza, Mountain View ku Thyolo, Embangweni ku Mzimba ndi Bandawe ku Nkhata Bay. Mwana yemwe sadapite kusukulu zoterezi amakula ndi zizindikiro zomwe adapangana ndi apabanja pake, ndipo nthawi zambiri sadziwa kulemba. Kumupatsa pepala kuti alembe sikuthandiza, ndipo ngakhale womasulira wophunzira akhoza kulephera kumumva. M'maiko ena, pa nkhani yotere amaitana munthu wina wosamva wodziwa bwino chinenero chamanja kuti agwire ntchito limodzi ndi womasulira, popeza osamva okhaokha amamvana msanga.

Bungwe la anthu osamva la Manad lakhala likuphunzitsa chinenerochi kwa zaka zambiri, ndipo mu 2021 lidatulutsa buku lomasulira mawu a chinenero chamanja cha Malawi. Iyi idali ntchito yaikulu, koma buku silingaime pa kauntala ya polisi usiku pamene mtsikana wabwera akulira.

Waulumali akakhala woganiziridwa, zinthu zimafika poipa kwambiri. Mnyamata wosamva yemwe sadaime apolisi atamuitana amaoneka ngati wamwano kapena wothawa. Akamumanga unyolo manja kumbuyo, amakhala amutseka pakamwa, popeza manjawo ndiwo lilime lake. Kumuuza kuti ali ndi ufulu wokhala chete, m'mawu omwe sakuwamva, n'kungokwaniritsa mwambo. Munthu wa nzeru zochedwa nayenso kawirikawiri amavomera chilichonse chomwe wamkulu wovala yunifolomu wanena, pofuna kumusangalatsa kapena kuti amusiye apite kwawo. Akadinda chala pa sitetimenti yomwe sadaimve, pepalalo limamutsatira. Lamulo loyendetsera milandu limalola kuti sitetimenti yovomera mlandu iwerengedwe m'khoti ngakhale mwini wake akuikana, ndipo zimatsalira woweruza kuona ngati ili yoona.

M'khoti

Makhoti a m'dziko muno amalemba zonse m'Chingerezi, ndipo tsiku lililonse mumakhala womasulira wa Chichewa, Chitumbuka, Chiyawo, Chisena, Chitonga kapena chinenero china. Palibe majisitireti yemwe angapitirize mlandu wa munthu wa ku Karonga wosamva Chingerezi kapena Chichewa popanda womasulira. Choncho mfundo yoti munthu ayenera kumva mlandu wake si yachilendo. Chachilendo n'chakuti chinenero chamanja sichinatengedwe ngati chimodzi mwa zinenero zimenezi, chokhala ndi omasulira ake olembedwa ntchito ndi makhoti.

Zotsatira zake n'zakuti khoti limachita kupempha thandizo kwa mphunzitsi wa ana osamva kapena kubungwe la Manad. Womasulirayo akakhala kutali, pamafunika ndalama ya thiransipoti, chakudya ndi malo ogona. Ndalamayo ikasowa, mlandu umaimitsidwa. Ukaimitsidwa kawiri katatu, mboni zochokera kumudzi zimatopa ndi kulipira ulendo wopanda phindu, wodandaula amataya mtima, ndipo akubanja amayamba kumvera omwe akuwanyengerera kuti nkhaniyo ithere kwa amfumu ndi mbuzi kapena kandalama kochepa. Chonsecho milandu ikuluikulu monga yogwiririra si ya pabwalo la nyakwawa.

Ngati wosamvayo ndiye wozengedwa mlandu, kuimitsa kulikonse kumatanthauza masiku ena pa rimandi. Kusintha kwa lamulo kwa mu 2010 kudaika malire a nthawi yomwe munthu angasungidwe mlandu wake usadayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha. Koma malirewa amathandiza munthu yemwe akuwadziwa, kapena yemwe ali ndi womulankhulira. Munthu wosamva yemwe ali mu selo yodzaza sangamve ngakhale dzina lake likuitanidwa.

Kwa munthu wosaona, khoti lili ndi zopinga zake. Umboni wa milandu yambiri umadalira maso: kodi mudamuona? Adavala chiyani? Mulozeni. Munthu wosaona akhoza kuzindikira womuchita chipongwe ndi mawu, fungo, kayendedwe kapena chipsera chomwe adachikhudza, koma umboni wotere umafunika wapolisi wodziwa kuufunsa ndi woweruza wokonzeka kuulandira ndi kuuyesa mosamala. Pepala la mlandu, masitetimenti a mboni ndi chigamulo sizipezeka m'zilembo za Braille kapena m'zilembo zikuluzikulu. Izi zimakhudzanso anthu achialubino, popeza ambiri mwa iwo saona bwino.

Kwa oyenda pa njinga ya olumala kapena ndi ndodo, vuto limayambira pakhomo. Nyumba zambiri za makhoti ndi apolisi zidamangidwa kale, zili ndi masitepe, makomo opapatiza ndi zimbudzi zosafikirika. Munthu wamkulu kuchita kunyamulidwa ngati thumba la chimanga kuti akapereke umboni kumamuchotsera ulemu womwe gawo 19 la malamulo a dziko lino limati sungaphwanyidwe.

Mboni ya nzeru zochedwa imagwa pa mafunso a loya. Mafunso ataliatali, obwerezabwereza, okhala ndi yankho m'kati mwake, amasokoneza ngakhale munthu wophunzira. Mtsikana wotere akafunsidwa tsiku ndi ola, akhoza kulephera, koma akafunsidwa ngati kudali kusadache kapena anthu atabwera kumunda, akhoza kuyankha bwino. Akasintha yankho chifukwa funso labwerezedwa kachitatu, amaganiza kuti yankho loyamba lidakwiyitsa wamkuluyo, koma m'buku la khoti mumalembedwa kuti umboni wake ukutsutsana. Makolo akale adati wamisala adaona nkhondo, kutanthauza kuti mawu a munthu yemwe anthu amamupeputsa akhoza kukhala oona. Nzeru imeneyi ikufunika m'makhoti lero.

Odwala maganizo pa rimandi

Gulu lomwe limaiwalika kwambiri ndi la anthu odwala matenda a maganizo omwe akuganiziridwa milandu. Gawo 133 la lamulo loyendetsera milandu limati khoti likakayika ngati wozengedwa mlandu ali bwino m'maganizo moti angathe kudziteteza, liimitse mlandu ndi kulamula kuti akapimidwe kuchipatala. Cholinga chake n'chabwino, popeza sichilungamo kuzenga munthu yemwe sakudziwa chomwe chikuchitika.

Vuto lili pa kayendetsedwe kake. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, ndipo kumpoto anthu amadalira cha St John of God ku Mzuzu. Madokotala a ukadaulo wa matendawa ndi ochepa. Kuti woganiziridwa wa ku Nsanje kapena ku Mchinji akapimidwe, pamafunika galimoto, mafuta ndi apolisi omuperekeza, kenako lipoti la dokotala libwerere kukhoti komwe kudachokera fayilo. Chimodzi mwa izi chikasokonekera, munthu amakhala m'ndende popanda chigamulo, ndipo akhoza kukhalamo nthawi yaitali kuposa chilango chomwe akadalandira akadapezeka wolakwa. M'ndendemo mankhwala ake sapezeka nthawi zonse, ndipo matenda amakula.

Ndende nazonso ndi zodzaza. Mu 2009, pa mlandu womwe mkaidi Gable Masangano adasumira boma, khoti lidagamula kuti kuthithikana kwa akaidi ndi kusowa mpweya wabwino m'ndende za m'dziko muno n'kuzunza anthu. Ngati moyo wa m'ndende ndi wowawa kwa munthu walungalunga, nanga kwa wopuwala miyendo yemwe akuyenera kukwawa kupita kuchimbudzi, kapena wakhunyu yemwe wagwa pakati pa usiku mu selo yotseka?

Umboni woti vutoli ndi lakale udaoneka pambuyo pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake mu 2007, pomwe khoti lidagamula kuti sikoyenera kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingopatsidwa chilango cha imfa popanda kumva zifukwa zochepetsera chilango. Kuyambira mu 2015, akaidi oposa 150 omwe adagamulidwa kuti anyongedwe adamvedwanso, ndipo oposa 100 adatulutsidwa. Pa ntchitoyi padapezeka kuti ena mwa iwo adali ndi matenda a maganizo kapena nzeru zochedwa, zinthu zomwe sizidaganiziridwe pomwe ankazengedwa poyamba. Ena adali atakhala m'ndende zaka zoposa 10.

Kwa zaka zambiri nkhani za odwala maganizo zinkayendetsedwa ndi lamulo la atsamunda la mu 1948, lomwe linkaona wodwala ngati munthu wofunika kutsekeredwa. Mu 2025 aphungu adavomereza bilu yatsopano yolowa m'malo mwake. Koma monga zakhalira ndi malamulo ena, phindu lake lidzaoneka pokhapokha galimoto yopita ku Zomba ikakhala ndi mafuta, ndipo zipatala za m'maboma zikakhala ndi ogwira ntchito otha kupima woganiziridwa komweko.

Phunziro la milandu ya achialubino

Nkhanza zochitira anthu achialubino, zomwe zidakula kuyambira kumapeto kwa 2014, zidaonetsa kufooka kwa ntchito zachilungamo, koma zidaonetsanso zomwe boma lingathe likafuna. Mu 2018 bungwe la Amnesty International lidati mwa milandu 148 yomwe idafika kupolisi kuyambira mu November 2014, pafupifupi 30 mwa 100 iliyonse ndiyo idali itatha, ndipo yambiri mwa yakupha idali isadazengedwe.

Mlandu wa MacDonald Masambuka wa ku Machinga ndi chitsanzo. Mnyamatayu adasowa mu March 2018 ndipo thupi lake lidapezeka pa 1 April chaka chomwecho. Woweruza woyamba adachoka pa mlanduwu mu 2019, ndipo chigamulo chidabwera mu April 2022, patatha zaka zinayi. Justice Dorothy NyaKaunda Kamanga adapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana, kuphatikizapo wansembe, wapolisi, wachipatala ndi mchimwene wake wa malemuyo. Anthu asanu adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Kupezeka kwa m'bale wake pakati pa olakwa kukutsimikiza mfundo ija yoti sikoyenera kudalira achibale okha kuti alankhulire munthu waulumali.

Komabe, dziko litadzidzimuka, zinthu zina zidasintha msanga. Mu 2016 aphungu adasintha malamulo a Penal Code ndi Anatomy Act kuti zilango zikhwime. Chaka chomwecho mkulu wa makhoti adalamula kuti milandu yokhudza achialubino izizengedwa ndi mamajisitireti akuluakulu okha, ndipo padalembedwa buku lothandiza ofufuza, oimira boma ndi oweruza pa milandu yotereyi. Izi zikusonyeza kuti si zonse zomwe zimadikira lamulo latsopano. Kalata imodzi ya mkulu wa makhoti ikhoza kusintha momwe makhoti onse amagwirira ntchito. Njira yomweyi ikhoza kuthandiza osamva, osaona ndi odwala maganizo, omwe mavuto awo sakhala pa tsamba loyamba la nyuzipepala.

Maiko oyandikana nawo

Maiko ena a muno mu Africa adayamba ndi kuzindikira chinenero chamanja m'malamulo awo akuluakulu. Malamulo a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula zinenero 16 zovomerezeka, ndipo pa mndandandawo pali Chichewa komanso chinenero chamanja. Ku South Africa chinenero chamanja chidakhala cha nambala 12 mwa zinenero za boma mu 2023. Malamulo a dziko la Kenya a mu 2010 amalola khoti kuika mkhalapakati wothandiza wodandaula kapena wozengedwa mlandu kulankhula ndi khoti. Mkhalapakati wotere si loya ndipo si mboni. Ntchito yake n'kuona momwe munthuyo amamvera zinthu, kulangiza khoti momwe mafunso angafunsidwire, ndi kuthandiza kuti yankho limveke monga mwini wake akutanthauzira.

Mu 2015 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko ku South Africa lidagamula kuti sikoyenera kuti munthu yemwe wapezeka kuti sangathe kuzengedwa mlandu chifukwa cha matenda a maganizo kapena nzeru zochedwa azingotsekeredwa m'ndende popanda woweruza kuona ngati pali njira ina. Maikowa nawonso ali ndi mavuto awo, ndipo omasulira amasowabe m'madera akumidzi, koma waulumali kumeneko ali ndi poimira polimba akafuna kudandaula.

Mu 2023 dziko la Malawi lidakaonekera ku Geneva pamaso pa komiti ya United Nations yoona za pangano la anthu aulumali lija. Mwa zina, komitiyi idalangiza boma kuti lichotse zopinga zomwe anthu aulumali amakumana nazo pofuna chilungamo, ndi kuphunzitsa ogwira ntchito m'nthambi zachilungamo.

Zomwe zingachitike

Choyamba ndi omasulira. Nthambi ya makhoti ikhoza kulemba ntchito omasulira chinenero chamanja, ngakhale ochepa poyamba, m'makhoti akuluakulu a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, n'kumawatumiza m'maboma pa masiku oikika. Polisi iliyonse ya paboma ikhoza kukhala ndi mndandanda wa omasulira ovomerezeka ndi manambala awo a foni. Masiku ano foni yokhala ndi kamera ndi intaneti ikhoza kulumikiza womasulira wa ku Blantyre ndi wapolisi wa ku Chitipa, makamaka pa ola loyamba pamene sitetimenti ikulembedwa. Chachikulu n'chakuti ndalama yake ikhale m'bajeti ya boma, popeza malamulo akuti wolipira ndi boma, osati mabungwe achifundo omwe thandizo lawo limatha pulojekiti ikatha.

Chachiwiri ndi lamulo la mkati mwa polisi ndi makhoti loti sitetimenti ya munthu wosamva, wa nzeru zochedwa kapena wodwala maganizo isalembedwe popanda womasulira kapena munthu wamkulu wopanda mbali, ndipo ngati n'kotheka ijambulidwe pa kanema. Kanema amasunga zizindikiro zenizeni zomwe munthu adachita ndi manja, moti womasulira wina akhoza kudzaona ngati woyamba adamasulira bwino.

Chachitatu ndi kutsatira mafayilo a anthu omwe adatumizidwa kukapimidwa maganizo. Bungwe la Legal Aid Bureau, lomwe lidayamba ntchito mu 2015, pamodzi ndi athandizi a zamalamulo omwe akhala akuyendera ndende kuyambira mu 2000, ali pamalo abwino olemba mayina a anthu otere ndi kuwatengera kwa oweruza pa makhoti oyendera omwe amachitikira m'ndende momwemo. Fomu ya kupolisi ndi ya kundende ikhoza kukhala ndi malo olembapo ngati munthu ali ndi ulumali ndi thandizo lomwe akufuna, kuti pasakhale wonamizira kuti sadadziwe.

Chachinayi ndi maphunziro, ndipo aphunzitsi abwino ndi eni ake. Mabungwe monga Fedoma, Manad, Malawi Union of the Blind ndi Apam ali ndi anthu omwe adadutsa m'mavutowa. Wapolisi yemwe adakhalapo tsiku limodzi ndi munthu wosamva ku sukulu ya apolisi sadzamangirira manja a woganiziridwa kumbuyo kenako n'kumamufunsa mafunso.

Ena anganene kuti dziko lomwe likusowa mankhwala m'zipatala silingakwanitse zonsezi. Koma kusunga munthu pa rimandi miyezi yambiri podikira womasulira nakonso kumadya ndalama za boma, ndipo mlandu woimitsidwa kasanu umawononga nthawi ya majisitireti, apolisi ndi mboni. Chigamulo chomwe chaperekedwa kwa munthu yemwe sadamve mlandu wake chikhoza kugwa pa apilo, ntchito yonse n'kupita m'madzi.

Nkhaniyi si ya anthu ena apadera. Lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Ngozi ya pamsewu, malungo a mu ubongo, sitiroko, shuga kapena ukalamba zikhoza kuchotsa maso, makutu, miyendo kapena lilime la munthu aliyense, kuphatikizapo wapolisi, loya ndi woweruza. Tsiku limenelo, yemwe dzulo ankafunsa mafunso adzakhala mbali ina ya kauntala, akudziwa bwino chomwe chidamuchitikira, akudikira kuti papezeke womumva.